Madzi Saiwala Khwawa: Ulendo Wathu wa Kuseri kwa Nyumba za ku Blantyre



Ulendo umene tikusimbireni lero si wa ku Haji ayi, ndiponso si wa ku Ijitima. Ndi ulendo wa kuseri kwa nyumba. Tikudziwa kuti akuluakulu ena akwinya kale nkhope, poti nkhani ya chimbudzi siikambidwa pa mphasa pomwe pali apongozi. Koma tikumbutsane kuti tonsefe pamene tinkalowa madrasa, mwalimu asanatiphunzitse kuima pa Swala adayamba watiphunzitsa za madzi, za najisi ndi za kalowedwe ka m'chimbudzi. Mabuku a fiqhi nawonso amayambira pomwepo. Tsono ngati masheikh akuluakulu sadachite nayo manyazi nkhaniyi, ifenso tisachite nayo manyazi.

Chidatitengera ku Blantyre ndi mphwathu, mwana wa mlongo wathu, amene adapeza ntchito pa fakitale ina ku Makata atangomanga nikah. Mnyamatayo ankagona pabalaza kwa malume athu ku Ndirande, mkazi wake ali kumudzi. Banja lidagwirizana kuti ife ndi mayi a kunyumba tipite tikamuthandize kupeza nyumba ya lendi yoti angalowetsemo mwana wa eni ake popanda manyazi.

Tidanyamuka ku Mangochi titangoswali Fajiri, m'mwezi wa Januwale, mvula ili pachimake. Pa Liwonde, basi ikuoloka Shire, mayi a kunyumba adaloza madzi nkunena kuti, "Awa tikawapezanso kutsogoloku." Sadaname. Madzi ambiri amene anthu a mu Blantyre amamwa ndi a m'nyanja yathu yomweyi. Amatsika ndi Shire mpaka pa Walker's Ferry, pomwe makina a Blantyre Water Board amawakoka ndi kuwakankha mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kuti akafike m'tauni. Za komwe madziwo amachokera aliyense m'tauni amazidziwa, poti bilu imamukumbutsa mwezi ndi mwezi. Za komwe amapita akatha ntchito ndi zomwe tidakaphunzira ife.

Tidafika ku Limbe dzuwa lili paliwombo, nkukwera minibasi ya ku Ndirande. Kwa inu amene simudafikeko, Ndirande ndi chimudzi chachikulu chomata m'munsi mwa phiri la dzina lomwelo, nyumba zake zothinana ngati mano a chipeso. Kuli Goliyo, kuli Chinseu, kuli Malaysia, ndipo paliponse pali wina akugulitsa kanthu, wina akukhoma mbaula, wina akuwotcherera zitsulo. Anthu ake ndi olimbikira, zimenezo tisabise. Koma ukasiya msewu wa tala nkulowa m'tinjira ta pakati pa nyumba umayenda maso ali pansi, chifukwa njira ya anthu ndi ngalande ya madzi n'chinthu chimodzi.

Kuti mumvetse chomwe chidachititsa zimenezi tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mzinda wa Blantyre udayamba ndi mishoni ya anthu a ku Scotland mu 1876, ndipo m'nthawi ya atsamunda anthu akuda ambiri ogwira ntchito m'tauni ankadzimangira okha m'mphepete mwa mzinda. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, lidamanga nyumba za mizere, komanso mapuloti adagawidwa m'madera monga Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe kuti munthu adzimangire yekha nyumba ndi chimbudzi chokumba. Pa kalembera wa 1966 mzinda wonse udali ndi anthu pafupifupi 110,000. Pa kalembera wa 2018 adakwana 800,000. Anthu achuluka kasanu ndi kawiri, koma puloti sikula. Mapaipi a suweji nawonso amatumikira pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa khumi aliwonse. Ena onsewo amadalira dzenje kapena thanki ya pansi pa nyumba pawo.

Malume athu adamanga nyumba yawo m'zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo pa pulotipo padali anthu asanu ndi mmodzi. Lero kuseri kuli zipinda zisanu za alendi, zomwe ndiye penshoni yawo yeniyeni, ndipo titawerenga mitu, ana ndi akulu omwe, tidapeza 29. Onsewo chimbudzi chimodzi ndi bafa limodzi.

Usiku wachiwiri kudagwa chimvula. Phiri la Ndirande kale lidali ndi nkhalango, koma mitengo idatha m'zaka za m'ma 1990, ndiye madzi akagwa pamwamba satsika mwaulemu. Adhana ya Fajiri itamveka, malume adatsogola kuseri ndi birika lawo, ndipo tidangomva akufuula kuti, "Subhanallah! Aphwanga, bwerani ndi tochi!" Ngodya imodzi ya chimbudzi idali itatitimira. Mitengo yomwe idayalidwa pa dzenje zaka zambiri zapitazo idali itaola, dzenjelo lidadzaza ndi madzi a mvula nkusefukira, ndipo bwalo lonse la kuseri, mpaka pakhomo pa bafa, lidali litayalidwa zonyansa. Malume adaima pakati pake, mkanjo wawo woyera utanyowa kumunsi. Wamkulu amene kwa zaka zambiri sadaphonyepo jamaa ya m'mawa, tsiku limenelo sadapite ku mzikiti. Tonse tidaswali m'nyumba dzuwa litatsala pang'ono kutuluka, titasambitsana mapazi pakhonde ndi madzi a m'chigubu.

Chomwe chidatikhudza kwambiri tidachimva pambuyo pake. Azakhali, akazi a malume, adaulula kwa mayi a kunyumba kuti kwa miyezi ingapo adali atasiya kumwa madzi kukada, kuopa kupita kuseri usiku, chifukwa pansi pankanjenjemera akapondapo. Ana a alendi ankadzithandiza m'majumbo. Aliyense pa pulotipo ankadziwa kuti chimbudzi chili pafupi kugwa, koma alendi ankati ndi ntchito ya eni nyumba, eni nyumba ankadikira lendi ikwane, ndipo nkhaniyo poti ndi yochititsa manyazi palibe adaiika pabwalo. Allah adatichitira chifundo kuti chidagwa usiku, mulibe mwana.

Dzuwa litangotuluka adafika mayi wa nyumba ya kumunsi, chitenje atamanga cholimba m'chiuno. "Bambo," adatero, "tabwerani mudzaone zomwe zalowa m'khitchini mwanga. Inu Asilamu ndi mabirika anuwa, chimbudzi chingapirire bwanji kuthiridwa madzi tsiku lonse?" Mawuwo adatilasa, koma mayiyo adali ndi chifukwa chokwiyira, poti mapoto ake adali m'najisi yochokera kwathu. Malume sadabweze mawu. Adapepesa, nkutuma anyamata kuti akakolope ndi kuwaza kolorini.

Tsono kodi n'zoona kuti kutawasa kwathu ndiko kumagwetsa zimbudzi? Funsoli tidalifunsa mmisiri amene malume adamuitana, wamkulu wa imvi, si Msilamu, amene paunyamata wake adagwirako ntchito ya zomangamanga ku Zimbabwe. Iye sadayankhe msanga. Adatenga nsungwi yaitali yokhala ndi waya wopinda kunsonga, nkuyamba kuvundula m'dzenjemo. Mudatuluka majumbo, matewera a ana a pulasitiki aja ogula m'sitolo, mabotolo, nsanza, mpaka nsapato. Kenaka adationetsa kampata komwe madzi onse a m'bafa ankalowera m'dzenje, ndi denga la alendi lomwe madzi ake ankagwera pakhoma penipeni pa chimbudzi. Pansi pa chimbudzicho padali potsika kuposa bwalo, ndiye madzi ochokera kuphiri ankangolowa ngati aitanidwa.

"Bambo," adauza malume, "birika lanu ndi lita imodzi kapena awiri. Limenelo dothi limamwa. Adani anu ndi atatu awa: madzi a m'bafa, madzi a mvula, ndi zinyalala zosaola."

Mawu ake amagwirizana ndi zomwe akatswiri a ntchitoyi amawerengera. Amati munthu mmodzi amadzaza malita 40 mpaka 60 a dzenje pa chaka ngati mukulowa zoola zokha, koma pomwe anthu amaponyamo zisononkho, miyala ndi zina zosaola, chiwerengerocho chimatha kufika malita 90. Kunena kwina, dzenje la anthu odziyeretsa ndi madzi limachedwa kudzaza kusiyana ndi la anzathu. Koma tiwerengenso mbali inayo. Dzenje lozungulira lotambalala mita imodzi ndi kuya mamita atatu limalowa malita pafupifupi 2,400. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lingakhale nalo zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo. Anthu 29 salimaliza nalo zaka ziwiri. Malume adawonjezera zipinda zisanu, dzenje adalisiya lomwelija.

Mlandu umodzi wokha mmisiriyo adatipeza nawo, ndipo tidauvomera. Pansi pa chimbudzi cha mitengo ndi dothi, pakamanyowa kangapo pa tsiku ndi madzi otawasira, mitengoyo imaola msanga. Adati nyumba ya Msilamu iyenera kukhala ndi silabu ya simenti, yotsetsereka pang'ono kuloza pa bowo kuti madzi asadikhe. Adatikumbutsa za sanipulati, kasilabu kakang'ono kaja kokhala ndi popondapo mapazi ndi chivindikiro chothina, kamene kadafala kuno m'zaka za m'ma 1980. Adakambanso za chimbudzi chomwe ku Zimbabwe amachitcha Blair, chomwe chidayambira kumeneko m'zaka za m'ma 1970: paipi yotulutsa mpweya imakwera kupitirira denga, kumwamba kwake kuli kasefa, ndipo m'kati mwa kanyumbako mumakhala kamdima. Ntchentche zikafuna kutuluka m'dzenje zimathamangira kuwala kwa m'paipi, nkukafera pa kasefako. Fungonso limatulukira komweko.

Vuto lidali la malo. Pa puloti ya malume panalibenso pokumba dzenje lina, ndipo galimoto yopopa zimbudzi singafike chifukwa kanjira kake ngakhale wilibala imadutsa mopendekeka. M'malo otere muli anyamata amene amapopa ndi pampu ya manja yotchedwa Gulper, nkumathira m'migolo yomwe amakaikweza pa galimoto ku msewu. Ndiwo adaitanidwa. Koma mmodzi wa alendi adatinong'oneza njira ina yomwe ati ndi yosalira ndalama: kudikira chimvula cha usiku, nkuboola dzenje cha m'mbali kuti zonse zipite ndi madzi. Ati ambiri amatero.

Apa tilankhule mosapsatira. Chipembedzo chathu chimaletsa kudzithandiza panjira, pamthunzi pomwe anthu amapumira ndi pomwe amatunga madzi. Munthu woboola dzenje usiku wachita zonse zitatuzo nthawi imodzi, ngakhale iye mwini atavala mkanjo wonunkhira. Zonyansazo zimatsikira mu Nasolo, mtsinje umene umadutsa pakati pa Ndirande, ndipo ife tidaona ndi maso athu amayi akuchapa m'menemo, ana akusewera pambali. Nasolo amathira mu Mudi, ndipo madzi a Mudi amakathera mu Shire cha ku Chikwawa. Madzi amene adachoka kwathu ali oyera amabwerera mu mtsinje womwewo atasenza zimenezo. Malume, Alhamdulillah, adakana. Adati bola agulitse wailesi.

Tidawasiya akukambirana mitengo ya njerwa, ife nkuyamba ntchito yomwe tidabwerera, yofuna nyumba.

Nyumba yoyamba idali ku Zingwangwa, mbali ina ya mzinda, moyang'anana ndi phiri la Soche. Paphiripo zipsera zikuonekabe pomwe matope ndi miyala zidatsika mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, nkukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Anthu a kumeneko mtambo ukada amayang'ana kuphiri kaye. Nyumba yomwe tidaonetsedwa idali yakale ya mzere, ya njerwa zootcha, yokhala ndi siling'i, magetsi ndi chimbudzi chogejemula m'kati momwemo. Mphwathu adaikonda asanalowe n'komwe. Ankayeza kale ndi maso pomwe adzaike sofa.

Mayi a kunyumba sadayang'ane balaza. Adapempha ndowa ya madzi, nkukaikhuthula yonse m'chimbudzimo. Madzi adakwera mpaka kukamwa, adaima, adachita phokoso ngati munthu wotsamwa, kenaka nkuyamba kutsika pang'onopang'ono. Kunja, pomwe madzi a m'sinki amagwera, padayamba kubwata thovu. Mnyamata wolozera nyumba adati ndi kavuto kakang'ono. Mayiwo adatembenukira mphwathu nati, "Mwananga, pabalaza udzalandirirapo alendo pa Idi. Kunoku udzabwerako kasanu pa tsiku, iwe ndi mkazi wako."

Mwamwayi pa nyumba yoyandikana padali pulambala akugwira ntchito, ndipo tidamupempha kuti atiunikire. Adatsegula chivindikiro cha kadzenje kakuseri komwe mapaipi amakumana, nkulowetsa ndodo zake zolumikiza. Chomwe adakoka chidali ngati mchira wa kavalo: mizu ya mango omwe adali pabwalo. Adatifotokozera kuti nyumba zambiri zakale zili ndi mapaipi a dothi lootcha, aafupiafupi, olumikizidwa ndi simenti. Nthaka ikasuntha pang'ono mfundozo zimang'aluka, mizu imanunkhiza chinyontho nkulowa, ndipo pa mizupo pamakodwa chilichonse chodutsa. Kuchotsa mizu ndi ntchito ya ola limodzi, koma imameranso. Mankhwala ake ndi kukumba, kuchotsa paipi yakaleyo nkuyala ya pulasitiki ya mainchesi anayi, yotsetsereka bwino: pa mamita anayi aliwonse itsike masentimita khumi. Ikagona kwambiri zonyansa zimaima, ndipo paipi yoyalidwa mwaulesi imatseka ngakhale ili yatsopano.

Adatsegulanso kathanki ka pamwamba pa chimbudzi. M'kati mudali waya ndi lamba wa tayala m'malo mwa zitsulo zake, ndipo madzi ankachucha mosalekeza. Mathanki akalewa amataya malita asanu ndi anayi kapena kuposa pa kugejemula kamodzi, tsono akamadonthanso usana ndi usiku, bilu imabwera yonga ya hotela. Kawirikawiri cholakwika ndi kalabala kakang'ono kamene kamatseka madzi thanki ikadzaza, kamtengo wochepa kuposa mulu wa usipa. Adationetsanso chinthu chomwe ambirife sitichilabadira: timadzi tomwe timatsala pansi pa mtondo wa chimbudzi si tongotsala ayi, ndiye chitseko chotchinga fungo ndi mphemvu za m'mapaipi. Mukaona timadzito tikuphwa tokha, dziwani kuti mtondo wang'aluka kapena paipi ya mpweya yatsekeka.

Eni nyumba, amene tidalankhula nawo pa lamya, adati tikonze tokha adzatichotsera pa lendi. Titawapempha kuti zimenezo zilembedwe pa pepala, lamya idaduka. Tidachoka.

Pobwerera tidadutsa pafupi ndi malo oyeretsera madzi a suweji omwe ali ku Zingwangwa komweko. Ena otere ali ku Manase, ku Limbe ndi ku Chirimba. Tidakumbukiranso kuti madera awiri omwe tidayendamowa, Ndirande ndi Zingwangwa, ndiwo adasankhidwa mu 2018 pa kafukufuku wa katemera watsopano wa tayifodi, yemwe ana oposa 28,000 adatenga nawo mbali. Katemerayo adapezeka kuti amateteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse, ndipo mu Meyi 2023 boma lidamupereka kwa ana m'dziko lonse. Makolo, ana anu akabayitse. Koma tayifodi amayenda kuchoka m'chimbudzi cha wina kupita m'kamwa mwa wina, ndipo katemera sakonza ngalande.

Ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, sitidakhalitseko. Mbali yomwe tidafika njamiyala, moti maenje ena ndi osaya, ndipo eni ake amachita kumanga chimbudzi chokwera ndi masitepe. Nyumba yomwe tidaona idali ndi thanki ya pansi, koma woyang'anira sankadziwa kuti idapopedwa liti. Pakona pa bwalo padali udzu wobiriwira mopitirira, pansi pofewa ngati pa dambo. Chimenecho n'chizindikiro choti thanki yadzaza matope ndipo dzenje la miyala lomwe limamwa madzi ake latsekeka. Pano tichenjeze anyamata athu okonda maganyu: musalowe m'thanki yotere, ngakhale itapopedwa. Mpweya wa m'menemo umakomola munthu asanakuwe, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzake amagweranso momwemo.

Ku Bangwe, kupitirira Limbe cha ku msewu wa Midima, tidapeza nyumba yaukhondo ndithu, ya lendi yotsika, ndipo eni ake adatinyadira kuti madzi sitidzagula chifukwa pali chitsime pabwalo. Tidayeza ndi mapazi kuchoka pa chitsimecho kukafika pa chimbudzi cha nyumba ya kumtunda: mapazi khumi ndi limodzi. Alangizi a zaumoyo amati pakhale mamita 30, omwe ndi mapazi a munthu wamkulu pafupifupi 40, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime. Madziwo adali oyera mbee m'kapu. Apa mpomwe pali msampha kwa ife: madzi akhoza kukhala osasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe, nkukhala ololedwa pa wudhu, koma ali ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Ife a ku Mangochi sitifunika kuuzidwa zambiri. Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga mu Malichi 2022 udafalikira m'maboma onse, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo Mangochi ndi Blantyre adali m'gulu la maboma omwe adalira kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Ambiri a inu mukudziwa manda omwe adakumbidwa miyezi imeneyo.

Tsiku lachisanu, miyendo itatopa ndipo mphwathu atayamba kung'ung'udza kuti azakhali ake akufuna nyumba ya ku Jannah, tidakwera minibasi ya ku Machinjiri, kuseri kwa phiri la Ndirande, komwe madera amatchulidwa ndi manambala. Kumeneko mapuloti ena akadali ndi mpata wopumira. Tidalozeredwa kwa mayi wina wamasiye, wopemphera ku mpingo wina wachikhristu, amene adali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumbuyo. Kanyumbako kadalibe siling'i, ndipo pansi padali pong'aluka. Koma mayiyo, tisanapemphe n'komwe, adati, "Tiyeni muyambe mwaona kuseri, poti ndi komwe alendi timayambanirana."

Chimbudzi chidali chokumba, chokwera masitepe awiri kuchoka pabwalo, cha silabu yosalala, chivindikiro chili pa bowo, paipi ya mpweya ili njo pamwamba pa denga. Amuna awo asanamwalire adaliwaka dzenjelo ndi njerwa, zakumunsi motalikirana kuti madzi azilowa m'nthaka, zakumwamba zomata ndi simenti. Madzi a m'bafa ankapita m'dzenje lawolawo lodzaza miyala, ndipo pambali pake padali nthochi zonenepa. Kumtunda kwa puloti kudali ngalande yowaka yopatutsa madzi a mvula. Pakhomo pa chimbudzi padali mpondagiya ndi sopo womangidwa pa chingwe. Mayi a kunyumba adathira ndowa yawo m'bafa, madzi adapita osatsala ndi dontho lomwe.

Ife tidayang'ananso china. Kuchokera ku Blantyre, Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa. Masheikh ambiri amati m'kanyumba komangidwira ntchito imeneyi mulibe tchimo ngakhale utayang'ana kumeneko, koma mtima wa Msilamu umakhazikika ngati sakuyang'ana kapena kufulatira Qibla. Popondapo mapazi pa silabu ya mayiyo padali poloza kum'mawa. Adangochita mwangozi, koma tidakondwa. Inu amene mukumanga, muuzeni mmisiri asanaumbe silabu, chifukwa simenti ikauma simva pempho.

Titawauza mayiwo kuti anawa ndi Asilamu ndipo adzalowa ndi birika, adaseka nati, "Madzi alowe, majumbo ayi. Lamulo langa ndi limenelo." Mphwathu adadandaula kuti ku ntchito kwatalika ndipo ndalama ya minibasi ichuluka. Zimenezo n'zoona, ndipo sitidamunamize kuti n'zazing'ono. Adagona nayo nkhaniyo usiku umodzi, m'mawa mwake adakapereka lendi ya miyezi iwiri.

Tisanabwerere kumudzi tidakhalanso masiku awiri kwa malume. Dzenje lidali litapopedwa, ndipo mmisiri uja adali m'kati moliwaka. Chomwe chidachitika madzulo a Lachisanu n'choyenera kuchilemba. Malume adaitana alendi onse pakhonde, nkuika nkhani ya chimbudzi poyera kwa nthawi yoyamba. Padali kukangana ndithu. Wina adati lendi yomwe amapereka ndi yokwanira, wina adati iye ndi mbeta sangasonkhe mofanana ndi wa ana asanu. Pomaliza adagwirizana kuti njerwa, simenti ndi mmisiri ndi za eni nyumba, koma ndalama yopopera dzenje izisonkhedwa mwezi ndi mwezi potengera mitu ya m'chipinda chilichonse, ndipo isungidwe ndi azakhali. Adaikanso chigolo cha zinyalala pakhomo pa chimbudzi kuti matewera asalowenso m'dzenje. Mayi wa kumunsi uja naye adabwera, ndipo iye ndi malume adagawana thumba la simenti lowakira ngalande ya pamalire pawo. Ngati mgwirizanowo ukhalitse, Allah ndiye akudziwa; alendi a m'tauni amasamuka ngati mbalame.

Silabu idaumbidwa Loweruka. Mmisiri adalamula kuti ifunditsidwe masaka ndi kuthiriridwa madzi masiku asanu ndi awiri isanaikidwe pa dzenje, ndipo ntchito yothirirayo malume adaitenga okha, ndi birika lomwe lija. M'masiku odikirawo banja lonse linkapempha chimbudzi kwa mayi wa kumunsi.

M'basi pobwerera tidali chete mpaka ku Zomba. Titadutsa Domasi mayi a kunyumba adafunsa kuti, "Kodi chathu chija chili pa mitengo yanji?" Sitidayankhe. Kwathu kunyanja dothi ndi mchenga, madzi a pansi ali pafupi, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'mabwalo a anthu. Dzenje losawaka mu mchenga limagwa msanga kuposa la ku Ndirande.

Tidafika Magharibi itayandikira. Tisanatsitse n'komwe katundu m'nyumba tidapita kuseri, nkuyamba kuyeza kuchoka pa chimbudzi kukafika pa chitsime chomwe takhala tikumwa zaka zonsezi. Tidapeza mapazi 19. Madzi akumwa tayamba kukatunga ku mjigo wa ku sukulu, ndipo tikudikira mvula ithe kuti tiumbe njerwa, Insha Allah.